Saluni yosamwa mafuta: mafunso a wogula wa ku Mchinji ndi mayankho ake

Misika ya mbewu ikatsegulidwa, ndalama za mtedza, soya ndi fodya zikayamba kulowa m'matumba, nkhani ya galimoto imamveka paliponse ku Mchinji, kuyambira pa Boma, pa Kamwendo, pa Waliranji mpaka pa Kapiri. Mphunzitsi amene wakhala akusunga pang'onopang'ono, namwino, mlimi amene chaka chamukomera, wamalonda owoloka pa Mwami, onse nkhawa yawo ndi imodzi: ndigule iti yoti isandisaukitse? Mtengo wogulira mumalipira kamodzi, koma mafuta, masipeya ndi makaniko mumalipira zaka zonse zimene galimotoyo ili pakhomo panu. Mayankho onse ali m'munsimu akuchokera pa mfundo imeneyi.

Bwanji saluni, pomwe anzathu ambiri akugula Sienta kapena Mira?

Zimatengera ntchito imene mukuifunira. Sienta imanyamula anthu asanu ndi awiri, n'chifukwa chake a matola amaikonda. Mira ili ndi kainjini ka 660cc ndipo mafuta imangonyambita, koma ikanyamula anthu anayi ndi katundu pa msewu wautali wa M12 imaoneka kuti yatopa. Saluni yaing'ono ili pakatikati. Ili ndi zitseko zinayi, imakwana banja la anthu asanu, ndipo buti yake ndi yotsekeka payokha, moti katundu saonekera kwa odutsa mukaimika pamsika. Thupi lake ndi lotsika, choncho sililimbana kwambiri ndi mphepo mukamathamanga pa tala, ndipo pamenepo mafuta amapulumuka.

Koma tisanamizane. Ngati ntchito yaikulu idzakhala kututa matumba a fetereza ndi chimanga, saluni si yanu. Mudzaipha masipuling'i ndi mashoko m'nyengo imodzi. Onjezerani ndalama mugule Probox, Fielder kapena pikapu.

Ndi mitundu iti yoyenera kuiganizira?

Zambiri zimene timagula kuno ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, kumene amayendetsa kumanzere kwa msewu monga ife ndi anzathu a ku Zambia.

Yoyamba ndi Toyota Corolla Axio. Mtundu wake woyamba unatuluka mu 2006, wachiwiri mu 2012. Zambiri zili ndi injini ya 1500cc yotchedwa 1NZ-FE, ndipo mphamvu ya galimotoyi ili pamenepo. Injini yomweyo ili mu Fielder, Probox, Sienta yoyamba ija, Ractis, IST, komanso Allion ndi Premio za 1500cc. Ndiye kuti mapulagi, makoyilo, mafyuluta ndi pampu ya madzi mudzazipeza mosavuta, ndipo makaniko wa pa Boma amene wakonzapo ma Sienta a matola sadzaidabwa.

Yachiwiri ndi Toyota Belta, imene inapangidwa kuyambira 2005 mpaka 2012. Ndi m'bale wake wa Vitz, kungoti ili ndi buti. Ilipo ya 1000cc ndi ya 1300cc.

Yachitatu ndi Nissan Tiida Latio ya pakati pa 2004 ndi 2012. Zambiri ndi za 1500cc, mkati mwake ndi motakasuka, ndipo kawirikawiri imatsika mtengo poyerekeza ndi Axio ya chaka chomwecho. Pambuyo pake panabwera Nissan Latio ya 1200cc.

Ziliponso Honda Fit Aria, Honda Grace imene inayamba mu 2014, ndi Mazda Axela ya 1500cc. Ndi galimoto zabwino, koma musanakopeke, yendani m'mashopu a masipeya pa Boma ndi pa Kamwendo, mufunse zinthu zitatu za galimoto imene mwailoza: mabuleki, fyuluta ya mpweya ndi mashoko a kutsogolo. Akakuuzani kuti zonse mpaka aitanitse ku Biwi kapena ku Malangalanga ku Lilongwe, dziwani kuti vuto lililonse laling'ono lidzakhala ndi ulendo wake ndi masiku ake odikira.

Injini yaing'ono kwambiri ndiyo yosamwa mafuta. Si choncho?

M'tauni, mukakhala nokha m'galimoto, ndi zoona. Belta ya 1000cc ili ndi masilinda atatu ndipo pa maulendo afupiafupi imasunga mafuta bwino. Koma wa ku Mchinji sakhala yekha m'galimoto kawirikawiri. Popita ku Lilongwe pamakhala amalume opita ku Kamuzu Central, mwana wobwerera kusukulu ndi sutukesi yake, ndi thumba la ufa la achibale a m'tauni. Injini yaing'ono ikalemedwa choncho mumaiponda kwambiri, makamaka pokwera chitunda kapena podutsa thiraki, ndipo phindu lija limatha. Imakhalanso ikulira pamwamba ulendo wonse, zomwe sizithandiza moyo wake.

Kwa banja loyenda maulendo ataliatali, 1300cc kapena 1500cc ndiye muyeso wabwino. Pewaninso za mawilo anayi ngati mulibe nazo ntchito yeniyeni. Ku Japan amazipangira madera a chipale, ndipo zimalemera komanso zimamwa mafuta ochulukirapo. Pa Axio mungazidziwire pa nambala ya chesisi: NZE141 ndi NZE161 ndi za mawilo awiri, pamene NZE144 ndi NZE164 ndi za mawilo anayi.

Wogulitsa akuti imayenda makilomita 20 pa lita. Ndikhulupirire?

Nambala imeneyo siyochoka m'mutu mwake. Axio ya 2012 ya 1500cc inalembedwadi makilomita 20 pa lita pa muyeso wa ku Japan wotchedwa JC08. Koma muyeso umenewo amaupangira m'chipinda choyesera, galimoto ili yatsopano, popanda maenje, mahampu, fumbi kapena katundu. Galimoto ya zaka khumi pa misewu yathu siifika pamenepo. Kumbukiraninso kuti petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol ali ndi mphamvu yocheperapo pa lita kuyerekeza ndi petulo weniweni.

Choona mumachipeza nokha motere. Dzazani thanki mpaka pampu itazima yokha. Bwezerani pa ziro kawerengero ka ulendo ka pa dashibodi. Pitani ku Lilongwe ndi kubwerako, kenako dzazaninso pa pampu yomweyo. Gawani makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa kachiwiri. Ngati mwayenda makilomita 220 ndipo alowa malita 15, galimoto yanu ikuyenda pafupifupi makilomita 15 pa lita. Ngati mukugula kwa munthu wodziwana naye, m'pempheni muyende naye ulendo wotere, mafuta muthire inu. Ndalama imeneyo siinatayike.

Kusiyana kwa makilomita ochepa pa lita kuli ndi kanthu?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchoka pa Boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, kupita ndi kubwera 220. Galimoto yoyenda makilomita 15 pa lita idzamwa malita osakwana 15. Yoyenda makilomita 10 pa lita idzamwa malita 22. Kusiyana ndi malita 7 pa ulendo umodzi. Mukamayenda kanayi pamwezi, ndi malita pafupifupi 29, ndipo pachaka ndi pafupifupi 350. Chulukitsani ndi mtengo umene bungwe la MERA lalengeza panopa, muone nokha kuti ndi matumba angati a fetereza kapena fizi ya ana angati.

Palinso china choposa ndalama. M'zaka zaposachedwapa taona mizere italiitali m'malo omwetsera mafuta, ndipo nthawi zina munthu amapatsidwa malita owerengeka. Tsiku lotero, galimoto yoyenda mtunda wautali ndi mafuta ochepa ndiyo imafikitsa wodwala kuchipatala.

Nanga za hybrid?

Axio Hybrid inatuluka mu 2013, chesisi yake ndi NKE165, ndipo ku Japan inalembedwa makilomita 33 pa lita pa muyeso womwe uja wa JC08. Kuno siifika pamenepo, komabe imamwa mafuta ochepa kuposa inzake ya petulo yekha. Siifuna kulumikizidwa ku magetsi a ESCOM, chifukwa batire lake limadzitchaja lokha poyenda ndi pogwira mabuleki. Phindu lake lalikulu limaoneka m'tauni, poima ndi kunyamuka pafupipafupi. Pa msewu wautali wothamanga, kusiyanako kumachepa.

Zinthu ziwiri muzisamale. Choyamba ndi msinkhu wa batire. Lili pansi pa mpando wa kumbuyo, ndipo likatha mphamvu kusintha kwake ndi ndalama zambiri. Musagule hybrid musanaipititse kwa munthu wokhala ndi kompyuta yoyezera batire. Chachiwiri ndi fumbi. Batirelo limaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya wa m'galimoto kudzera pa kachibowo ka m'munsi mwa mpando. Fumbi la mwezi wa Okutobala likadzaza pamenepo, kapena mukatsekapo ndi chikwama, batire limatentha ndi kufa msanga. Honda Grace ya hybrid ili ndi giya ya mtundu wina, ya makilatchi awiri, yofuna katswiri weniweni. Ngati mukukhala pa tala ndipo Lilongwe mumapitako pafupipafupi, hybrid ingakupindulireni. Ngati kwanu ndi mkati mwenimweni kwa Dambe kapena kwa Mkanda, ya petulo yekha ikupatsani mtendere.

Kwathu msewu ndi wafumbi ndipo nthawi ya dzinja ndi matope. Saluni ingapirire?

Saluni zambiri zazing'ono zimatalikira pansi ndi masentimita pafupifupi 15 okha. Pa msewu wafumbi wosalazidwa zimayenda bwino. Vuto limabwera mu Januwale ndi Febuluwale, ngolo ndi mathirakitala zikakumba mizere iwiri n'kusiya chulu pakati, kapena madambo a m'mbali mwa Bua ndi Rusa akadzaza. Pamenepo mimba ya galimoto imakhula pansi, ndipo chimene chimayamba kuvulala ndi poto wa oyilo ndi paipi ya utsi.

Ambiri amaikweza poika zitsulo pamwamba pa mashoko. Kukweza pang'ono kumathandiza, koma mukapyola muyeso mumathetsa msanga ma CV joint ndipo galimoto imayamba kugwedezeka pokhota. Chitsulo chotchinga pansi pa injini ndi chothandiza kwambiri. Fyuluta ya mpweya muziiona pafupipafupi, chifukwa ikatsekeka ndi fumbi injini imabanika n'kuchepa mphamvu. Ndipo musalowe m'madzi amene simukudziwa kuya kwake. Injini ikamwa madzi, nkhani yake ndi yogula ina.

Musanagule, yendani msewu wa kwanu m'maganizo mwanu mwezi wa Febuluwale, osati wa Julayi. Ngati pali malo amene ngakhale njinga za kabaza zimatsitsa anthu, saluni idzagona panja pa mudzi miyezi itatu.

Manual kapena automatic?

Manual ndi yolimba, yosavuta kukonza, ndipo batire likafooka anyamata amangokankha. Koma zochokera ku Japan zambiri ndi automatic, ndipo mwa izo zochuluka ndi za mtundu wa CVT, wopanda magiya odumphadumpha. CVT imasunga mafuta, koma ili ndi lamulo limodzi losaphwanyika: imafuna oyilo wakewake. Toyota ili ndi wake wa CVT wolembedwa TC kapena FE, Nissan ili ndi NS-2 kapena NS-3, malinga ndi galimoto. Mukathiramo oyilo wamba wa automatic chifukwa ndi amene wapezeka pashopu, giyabokosi imayamba kutsetsereka ndipo mapeto ake ndi kufa. Makaniko akamasintha, imani pomwepo muwerenge botolo nokha.

CVT siikondanso kukoka galimoto ina kapena kupondedwa mwamphamvu itatitimira m'matope. Ikatitimira, tsikani, ikani nthambi ndi miyala, itanani anthu akankhe. Poyesa yogula, mvetserani ngati ikulira mokhala ngati likhweru, ikunjenjemera ponyamuka, kapena ikuchedwa kugwira mukaika pa D ndi pa R.

Ndiitanitse ku Japan kapena ndigule imene ili kale m'dziko muno?

Mtengo umene mumauona pa foni, pa makampani ngati BE FORWARD ndi SBT Japan, ndi chiyambi chabe. Onjezeranipo sitima mpaka ku Dar es Salaam, zolipira padoko, dalaivala ndi mafuta kudzafika pa Songwe, msonkho wa MRA, wokuthandizani kuombola, kulembetsa ku Road Traffic, COF ndi inshulansi. Msonkho umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, choncho yakale kwambiri yooneka yotchipa ikhoza kudzakudabwitsani pa boda. Funsani a MRA chiwerengero chake musanatumize ndalama, osati galimoto itafika kale. Kumbukiraninso kuti mumalipira m'madola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene galimoto zawo zinali panjira anaona bajeti ikusokonekera.

Ubwino woitanitsa ndi woti galimoto imakhala isanalawe misewu yathu. Pemphani pepala la ku okushoni: giredi 4 kapena kuposa ndi yabwino, pamene R imatanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Ubwino wogula pano ndi woti mumaiona ndi maso, mumaiyendetsa, ndipo mumalipira m'makwacha. Ngati ndi galimoto yanu yoyamba ndipo ndalama zake n'zongokwanira, kugula yoti mwaigwira ndi manja kuli ndi chiopsezo chochepa, bola mupite ndi makaniko wanu.

Ku Chipata n'kufupi. Bwanji osangogula kumeneko?

N'zotheka, ndipo kuwoloka kunaphweka chitsegulireni chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami mu Disembala 2022, pomwe maofesi a maiko awiriwa amagwirira ntchito pamodzi. Koma galimoto ya nambala ya ku Zambia ikalowa m'Malawi kuti idzakhazikike, imayenera kulipiridwa msonkho ku MRA monga ina iliyonse yochokera kunja, ndiponso kukhala ndi chikalata cha apolisi a Interpol chotsimikiza kuti si yobedwa. Msonkho umene mwini wake analipira ku Zambia sukuchotserani wa kuno.

Chenjerani ndi galimoto yotchipa modabwitsa imene akuti mapepala ake abwera pambuyo, kapena imene yalowa podzera njira zachidule za m'midzi ya m'malire. Tsiku limene adzaigwire pa rodibuloko mudzataya galimoto ndi ndalama zomwe, mwinanso n'kuyankha mlandu. Nambala ya kwathu ya MC imakoma pamene mapepala onse ali m'dzina lanu.

Tsiku lokaona galimoto, ndiyang'ane chiyani?

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti wonyezimira asakutengeni mtima. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, ndipo igwireni kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa yotentha imabisa matenda. Tembenuzani kiyi osaliza: magetsi onse a pa dashibodi ayake, kuphatikizapo la injini, la ABS ndi la airbag, kenako azime injini ikalira. Getsi limene silikuyaka n'komwe mwina wina analichotsa dala. Tsegulani chotsekera cha oyilo. Mukapeza zotuwira zonanda, madzi akulowa mu injini. Utsi wabuluu kumbuyo ukusonyeza kuti ikuwotcha oyilo.

Nambala ya chesisi ya pa galimoto ifanane ndi ya mu blue book, chilembo ndi chilembo. Tukulani kapeti ya mu buti muone ngati pali powotcherera kapena dzimbiri. Makilomita a pa dashibodi amatha kubwezedwa, choncho yerekezani ndi kutha kwa chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi labala wa pa buleki. Makaniko alowe pansi aone ngati catalytic converter ilipo, chifukwa ena amaidula n'kugulitsa.

Matayala ali ndi tsiku lobadwa. M'mbali mwake muli manambala anayi: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Zina zimabwera ndi matayala a m'chipale, olembedwa studless, amene ndi ofewa ndipo amatha msanga pa tala wotentha. Zina zilibe tayala lapadera m'buti. Wailesi ya ku Japan kawirikawiri imalekezera pa 90 FM, moti mawailesi ambiri a kuno simungawamve popanda kachipangizo kowonjezera. Zonsezi ndi ndalama, ndipo ndi zifukwa zonenerera mtengo.

Mukagwirizana, pitani limodzi ndi mwini wake ku ofesi ya Road Traffic ku Lilongwe mukasinthe umwini. Musasiye ntchito imeneyi m'manja mwa madobadoba, ndipo musamalize kulipira dzina lisanasinthe.

Ndikafuna kumawolokera nayo ku Chipata, pamafunika chiyani?

Tengani blue book, laisensi, COF yosatha ndi chikalata cha apolisi chololeza galimoto kutuluka. Ngati galimotoyo siili m'dzina lanu, pakhale kalata ya mwini wake. Inshulansi ya COMESA Yellow Card imagwira ntchito ku Zambia ndipo mumaigula ku kampani yanu ya inshulansi konkuno, koma ku Mozambique siigwira, kumeneko mumagula yawo. Ku mbali ya Zambia kuli zolipira zake za galimoto yachilendo, ndipo zina, monga msonkho wa utsi, zimatengera kukula kwa injini. Apanso ya 1300cc kapena 1500cc imakupepuzani. Matrayango awiri ndi zomata zonyezimira, zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo, zisasowe.

Mafuta akasowa, a m'zigubu ndi oopsa motani?

M'boma la m'malire ngati lathu, mafuta a m'zigubu sasowa m'mbali mwa msewu. Vuto ndi loti simudziwa chimene chili m'katimo. Ena amasakaniza ndi parafini, ena zigubu zawo zili ndi madzi ndi zinyalala. Injini za masiku ano zili ndi mainjekita a timabowo tating'ono ndi pampu yokhala m'thanki, ndipo zonsezi sizipirira uve. Malita asanu oipa angakuwonongereni ndalama zoposa mafuta a mwezi wathunthu.

Chizolowezi chabwino ndi kuthira pamene thanki yafika theka, osadikira getsi. Pampu imaziziritsidwa ndi mafuta omwewo, choncho kuyenda ndi thanki youma kumaipsereza. Onjezeranipo zinthu zosalira ndalama: mpweya wokwanira m'matayala, liwiro lokhazikika la pakati pa 80 ndi 90 pa M12 pamene malamulo akulola, kunyamuka modekha, ndi kutsitsa katundu wosafunika m'buti.

Ndiye pomaliza, mukundilangiza iti?

Kwa banja la ku Mchinji loyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe, Axio ya 1500cc, ya mawilo awiri, ya petulo yekha, ndiyo ili ndi mayankho ambiri: mafuta ndi apakati, masipeya ali pafupi, amakaniko amaidziwa, ndipo tsiku logulitsa simusowa wogula. Thumba likachepa, Belta ya 1300cc ndi yabwino kuposa ya 1000cc. Tiida Latio yosamalidwa bwino, giya yake itayesedwa mokwanira, iposa Axio yotopa imene yagwira matola zaka zisanu, pakuti dzina lokha silikonza galimoto.

Chachikulu, musathere ndalama zonse pogula. Siyani zokwanira inshulansi, kusintha umwini, oyilo wa injini ndi wa giya, mafyuluta, mapulagi, mwinanso matayala awiri, zonsezi mwezi woyamba womwewo. Ngati mutagula simutsala ndi ndalama zimenezi, galimotoyo yakukulirani. Tsikani mugule yocheperapo, kapena dikirani msika wa chaka chamawa.